Njinga Khumi ndi Imodzi za a Rasmane

Mafulanki 100. Umenewo ndiwo unali mtengo wa kapini kamene a Rasmane Tapsoba ankalowetsa kumapeto kwa ekiselo ya gudumu lakutsogolo akamaliza kumanga nati, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkakangana nawo za ndalama imeneyi nthawi iliyonse tayala langa likaphulika. Amakaniko ena a mumsewu wathu ku Karpala amangopinda msomali wakale n'kuulowetsa pabowopo, kwaulere. Ena sabwezerapo n'komwe kanthu. Iwo ayi. Kapini katsopano kochokera m'chitini cha tomato, kenako kadontho ka penti yachikasu pa nati.

"Mafulanki 100 ndi dzira lathunthu, madala," ndinkatero. "Mukundidyera dzira ine mbuye wanu?"

"Mbuye wa ndani? Msamo anakhalapo mbuye wa munthu liti? Lipira, kapolo iwe, anzako akudikira."

Ine ndine Msamo wa ku Toma, iwo ndi Mmosi, ndipo ife a mitundu iwiriyi kunyozana n'kwathu, ngati asuweni. Ndi aakulu kuposa bambo anga, koma ndikadutsa m'mawa osawatchula kapolo, ankatuma mawu kuti andifunse ngati ndadwala. Dzina langa ndi Sanata. Ndimagula mazira kumakola a ku Koubri n'kudzagulitsa m'tauni, matileyi 18 paulendo, ndipo popita ndimanyamula madeya a nkhuku amene ndimayeza pa sikelo yanga yokolekera. Munthu wonyamula mazira 540 panjinga yamoto amalimva gudumu lakutsogolo m'manja mwake nthawi zonse. N'chifukwa chake, ngakhale ndinkadandaula za dzira limodzilo, sindinapiteko kwa makaniko wina.

A Rasmane anabadwira kumudzi kufupi ndi Manga. Anafika mumzinda uno wa Ouaga ali ndi zaka 15, atakwera pamwamba pa matumba a anyezi, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kupopa matayala a njinga zakapalasa. Kenako anaphunzira timanjinga tamoto takale tija toliza popalasa, kenako izi zimene tikukwera lero. Pansi pa mtengo wa nimu pamene ndinawapeza anakhalapo zaka 34. Amati atafika, kuseri kwa mtengowo kunali minda ya mapira yokhayokha, ndipo tauni ndi imene inawapeza. Mwana wawo wamwamuna anapita kumigodi ya golide, foni yake inasiya kulira zaka zitatu zapitazo. Wamkazi anakwatiwa ku Bobo. Akazi awo, mayi Habibou, amakazinga mtedza pakhomo. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, yosapaka simenti kunja. Chuma chawo chonse chinali bokosi lachitsulo la zida, benchi, ndi mawu amene ankanena kwa aliyense wodandaula kuti akuchedwa:

"Gudumu limene ndamanga ine silinagwetsepo munthu."

Zinali zoona, ndipo msewu wonse unkadziwa.

Kuchedwa kokha ankachedwadi. Ankayamba kupukuta ekiselo ndi kasanza mpaka iwale, n'kuigubuduza pachitsulo chosalala kuti aone ngati yapindika. Kenako kagirisi ka pachala. Gudumu ankalilowetsa pakati pa mafoloko atakhala pansi, atalikweza ndi phazi, maso ali pa kampata ka mbale ya buleki kuti kalowe bwino pa dzino la pa foloko. "Apa pakaphonyeka," ankatero, "tsiku limene udzagwire buleki mwamphamvu mbale idzazungulira limodzi ndi gudumu, ndiye tidzakutola ndi fosholo." Kamphete kachitsulo ka mbali inayo ankakasunga m'thumba la malaya kuti kasasochere m'fumbi. Ekiselo inkalowa ndi dzanja, osati hamala. Nati ankayamba kuipota ndi zala. Akatero ankatsitsa njinga pa sitandi, n'kuuza mwini wake kuti agwire buleki, akankhire mahandulo pansi kasanu, kuti mafoloko apeze okha malo awo. Apo m'pamene ankatenga sipanala yawo yaitali, yosalala chogwirira chifukwa cha zaka, n'kutsinzina, n'kukoka pang'onopang'ono, n'kuima.

"Mumadziwa bwanji kuti yakwana?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Imandiuza."

"Nati imalankhula Chimosi?"

"Imalankhula ndi anthu. Asamo sangaimve."

Kutsidya kwa msewu kuli Madi, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wa wailesi yaphokoso, amene gudumu amalibwezera munthu asanamalize kumwa madzi a m'pepala. Iye amalowetsa paipi pa sipanala n'kuiponda ndi phazi mpaka nati ilire. Njinga zake sizigwedera, koma mabering'i amatha m'miyezi itatu, ndipo mazinga a ekiselo amadyeka. A Rasmane sankamunyoza. Ankangoti kumanga mopitirira ndi kumanga moperewera ndi ana a bambo mmodzi, kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi amakudyera ndalama, winayo amakudyera mano.

Mu Novembala a Rasmane anagwa akuwiritsa tiyi. Anangopendekera kumanja, tambula n'kusweka, pakamwa n'kukhota. Anakhala kuchipatala milungu iwiri, kunyumba miyezi iwiri, ndipo mphepo ya fumbi itafika pachimake mu Januwale tinawaonanso pansi pa nimu, atavala chipewa chaubweya, benchi ataipukuta. Ankayenda okha, ankalankhula bwinobwino, kungoti tambula ya tiyi ankaigwira ndi dzanja lamanzere.

"Ndimayesa mwafa, ndimati nditenge benchiyi," ndinatero.

"Ndikanafa akanandiika ndi Msamo mmodzi wamoyo woti azikandiwiritsira tiyi. Ndiye ndakupulumutsa."

Anthu anabwerera, osati onse, koma anabwerera. Ine ndinabweretsa yanga Lachiwiri lina, waya utalowa m'tayala lakutsogolo. Anachita zonse monga kale. Kasanza, girisi, kukankha kasanu, kutsinzina, kapini, penti. Ndinalipira dzira langa n'kumapita.

Lachinayi, ndikuchokera ku Koubri ndi matileyi anga onse, ndinamva mahandulo akunjenjemera pang'ono, ngati munthu wozizidwa. Ndinati mwina ndi msewu. Patsogolo bulu anadula ndi ngolo ya nkhuni, ndinagwira buleki, ndipo kutsogolo konse kunagwedera kumanja ndi kumanzere ngati kukufuna kuchoka. Ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri. Sindinagwe. Matileyi anayi apamwamba ndiwo anauluka, mazira 120 anayenderera paphula.

Sindinayang'ane mazira. Ndinagwada, ndinagwira gudumu ndi manja awiri n'kuligwedeza. Linalira kuti khwe, khwe. Kapini kanalipo, katsopano. Penti inalipo. Koma nati ndinkatha kuisuntha ndi zala, uku ndi uku, mpaka pamene kapini kankaiimitsa. Sinamasuke panjira. Sinamangidwe mokwanira chiyambire.

Ndinabwerera pang'onopang'ono, mapazi ali pafupi ndi pansi, makilomita 20, mutu ukugwira ntchito. Njira yapafupi inali kupita kwa Madi, aponde paipi yake, ndikhale chete. Koma Madi akanaona penti yachikasu, ndipo pofika madzulo ngakhale ogulitsa buledi akanadziwa. Ndikanatha kupita kwa makaniko wa dera lina. Koma nanga amene anabwera Lachitatu? Nanga amene adzabwere mawa? Ndinadikira nthawi ya swala, pemphero la Asilamu la masana, msewu utachepa anthu, n'kukaima pansi pa nimu.

"Madala, tayesani nati iyi."

Anandiyang'ana, anayang'ana chikasu cha mazira pa mapazi anga. Anazula kapini, anaika sipanala, anatsinzina. Ndinaona mitsempha ya m'khosi ikutupa. Nati inasuntha pang'ono, iwo anaima.

"Yakwana. Wina anagwirapo eti?"

"Palibe wagwirapo."

Ndinaika dzanja langa pa sipanala yomweyo n'kukoka, ine wa makilo 52, ndipo nati inazungulira pafupifupi theka lathunthu. Tonse tinangoyang'ana chitsulocho. Wailesi ya Madi inkaimba kutsidya.

"Wapitirira," anatero motsitsa. "Waphwanya mabering'i."

"Sindinapitirire."

"Iwe ungandiphunzitse ine? Zaka 34?"

Ndinayankha mmene ndimayankhira wogula akamati madeya aperewera. Ndinatulutsa sikelo m'chikwama. Ndinawapempha kuti andionetse njinga imene anamanga asanadwale. Yawo inali pomwepo, yotsamira mtengo. Tinazula kapini, ndinakola mbedza ya sikelo kumapeto kwa sipanala, n'kukoka pang'onopang'ono kumbali yomangira mpaka nati itangoyamba kusuntha. Singano inaima pa makilo 20. Tinatenga ya telala wa pafupi, imene anamanga mu Okutobala: 19 ndi theka. Ya mayi wogulitsa mpunga ndi nyemba, ya mu Ogasiti: 20.

Njinga zitatu, miyezi yosiyana, popanda choyezera chilichonse, dzanja lokha ndi maso otsinzina, nambala imodzi. Ndinafuna kuwauza kuti zimenezi ndi zodabwitsa, kuti ine sikelo ili m'manja ndimaphonya kuposa pamenepo. Koma iwo anali atatambasula kale dzanja lamanja.

"Ndipatse."

Tinamasula nati ya njinga yanga. Anagwira mphete ya sikelo, anatsinzina, anakoka mpaka pamene nati inawauza kuti yakwana.

"Zingati?"

"Naini."

Anayesanso. Naini. Anayesa ndi lamanzere, linafika 13 n'kuyamba kunjenjemera, ndipo anati ilo silimva chilichonse, lili ngati la munthu wina. Anakhala pabenchi, dzanja lamanja ataliika pabondo chagada, n'kumaliyang'ana nthawi yaitali.

"Silinandiuze," anatero. "Ndimamva ngati ndakoka zonse. Likundinamiza."

Kenako anatsegula bokosi n'kukhuthulira chitini cha tomato pabenchi. Tsiku limene anabwerera kuntchito anagula paketi ya mapini 50. Ndinawerenga otsala: 40. Ndiye kuti magudumu khumi, langa lomwe.

"Khumi ndi limodzi," anandikonza. "Pali ina yosalowa kapini."

Imeneyo inali njinga yaikulu yabuluu, ya mtundu umene ekiselo yake ilibe bowo. Nati imagwira ndi mphamvu ya womanga basi, ndi timabawuti tiwiri ta pansi pa foloko. Mwini wake anali mlendo wamtali wogula nkhanga kumidzi, amene anangoima Loweruka lina chifukwa anamva kuti pansi pa nimu pali munthu wodziwa. Analipira, anawapatsa mtedza wotafuna wa kola ngati mphatso, anapita. Dzina sanafunsane.

Ine mutu wanga umathamanga, ndiye ndinali nditapeza kale nzeru. "Mverani, madala. Sitikunena chilichonse. Tiwauza kuti mwezi uno a Rasmane akuyang'ana magudumu kwaulere, kuthokoza Mulungu kuti achira. Aliyense akabwera, ine ndikoka ndi sikelo, inu mupaka penti. Palibe adziwe."

"Ukamuuza munthu kuti ndi zaulere, amati ndibwera sabata yamawa."

"Tiwakakamiza."

"Ndi chiyani? Munthu amathamanga akadziwa chimene chikumuthamangitsa. Ndiwauza zoona."

"Mukawauza zoona, pano sipabweranso munthu."

"Ndikudziwa kuwerengera, Sanata. Si iwe wekha."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina.

Tinayamba tsiku lomwelo, titamanga kaye yanga pa makilo 20. Ndinamasula zingwe za matileyi, iwo anakhala kumbuyo, sipanala ndi chitini cha mapini zili pamiyendo. Ankakumbukira njinga iliyonse, tsiku lake, ndi chimene chinaibweretsa, ngakhale maina ena ankawasokoneza. Paliponse pamene tafika ankatsika, ankapereka moni wonse mpaka kufunsa za ana ndi za fumbi, kenako ankanena mawu omwewo, osachotsa, osawonjezera.

"Gudumu lanu ndinamanga ine. Dzanja langa lafa koma sindimadziwa. Sindinamange mokwanira. Ndabwera kudzakonza."

Wonyamula buledi anaseka, anati iye amayesa kugwederako ndi njala. Mmisiri womanga nyumba anatisiya tikonze osalankhula nafe, ali pamakwerero. Wina anafuna kuti timugulire ekiselo yatsopano, ndipo a Rasmane anamulonjeza yawo ya panjinga yawo, n'kukamupatsadi mawa lake. Ine ndinkachita zimene andiuza. Kumasula, kuyang'ana dzino la buleki, kutsitsa pa sitandi, kukankha kasanu, kukola sikelo, kukoka mpaka 20. Iwo ankalowetsa kapini ndi dzanja lamanzere. Penti sanapakenso. Ndinawafunsa chifukwa, anati penti inkatanthauza kuti wamanga ndi Rasmane.

Wachisanu ndi chiwiri anali mayi Ilboudo, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene amakweza ana ake awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Tinawapeza pachipata cha sukulu ana akuweruka. Anamvetsera mawu aja mpaka kumapeto, kenako anagwira gudumu n'kuligwedeza okha. Khwe, khwe.

"Masiku khumi," anatero. "Masiku khumi ndakhala ndikukweza ana anga pa chinthu ichi, pamsewu wa malole."

"Ndalakwa, amayi."

"Munthu akadwala amakhala kunyumba! Mukufuna mafulanki 500 omangira gudumu mpaka kupha ana a eni?"

Makolo anaunjikana. Ine ndinafuna kulalata, kuwauza kuti pakanapanda kapini kawo nati ikanagwa kalekale, kuti palibe makaniko wina mu Ouaga muno amene akanayenda kudzadziulula yekha. A Rasmane anandigwira mkono.

"Akunena zoona. Gwada, umange."

Ndinamanga misozi ikutsekereza nambala za pasikelo. Kamtsikana kakang'ono kanaima pambali panga, kachikwama kali kumsana, kakuwerenga nane mokweza: teni, leveni, thwelofu.

Pofika Lolemba tinali titapeza zisanu ndi zinayi zonse, kuwonjezera yanga khumi, ndipo panalibe amene anagwa. Pofika Lolemba lomwelo panalibenso munthu ku Karpala amene sanamve. Titabwerera pansi pa nimu, Madi anatsitsa wailesi n'kukuwa:

"Madala! Bwerani ndikubwerekeni paipi, imagwira ndi phazi lomwe!"

Anthu a pabenchi yake anaseka. A Rasmane anakweza dzanja ngati akumupatsa moni. Madzulo ake Madi anawoloka msewu, akupukuta manja, osayang'ana aliyense kumaso, n'kuima pafupi ndi ine.

"Mlongo, akuti ndi makilo angati?"

"Twente."

"Basi? Ine ndimafika mwina fifite."

"N'chifukwa chake wogulitsa mabering'i amakupatsa moni kawiri."

Sanaseke. Anasiya paketi ya tiyi pabenchi n'kubwerera. Mawa lake ndinamuona akupondanso paipi.

Sabata imeneyo pansi pa nimu panaima anthu atatu. Awiri ankafuna mpweya, mmodzi ankafunsa njira. Amene kale ankaimitsa njinga kuti amwe nawo tiyi tsopano ankaliza hutala n'kukweza dzanja osachepetsa liwiro. Sankadana nawo. Ena anatumiza shuga kunyumba, wina thumba la mpunga. Koma gudumu palibe anabweretsa, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti inenso mazira 120 ndinawaona ali paphula.

Ndinapita kumsika waukulu kukafunsa za sipanala ina yoyeza yokha mphamvu, imene imalira kuti ke ikafika pamuyezo. Mafulanki 32,000. Pa tileyi ndimapindula 250, ndiye ndi matileyi 128, maulendo asanu ndi awiri ndi pang'ono. Ndinathamanga kukawauza a Rasmane.

"Milungu itatu, madala, ndagula. Mumangoika nambala, mukakoka imakuuzani. Tilemba chikwangwani: pano timamanga ndi muyezo. Palibe wina ali nayo msewu wonse uno. Anthu adzabwerera."

"Imakoka yokha?"

"Ayi."

"Ndiye makilo 20 awo achokera kuti? Dzanja ili limathera pa naini."

"Tiika chogwirira chachitali. Kapena ndizikoka ine."

"Iwe uli ndi mazira."

"M'mawa mazira, masana magudumu."

"Kapolo wanga akufuna kundilemba ntchito." Anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa, imene imamvabe. "Ndiwe mwana wabwino, ngakhale kwanu mumadya agalu. Koma ine ndinkagulitsa dzanja. Sipanala aliyense angagule."

Mayi Habibou anandiuza, tikusenda mtedza pakhonde, kuti bokosi la zida amuna awo analibweretsa kale kunyumba n'kulikankhira pansi pa bedi. Anasiya kunja sipanala imodzi yokha. Anati sadya, ndipo akamva galimoto ya odwala ikulira pamsewu waukulu amaimirira n'kukaima pakhomo mpaka kulirako kuzimiririke. "Si za ntchito," anatero. "Za ntchito anazivomera. Ndi wa nkhanga uja. Amati akapezeka ameneyo, ndiye kuti zaka 34 zatha bwino. Akapanda kupezeka, ndiye kuti zonse zinali chabe."

Wa nkhangayo tinkamufunafuna chiyambire tsiku loyamba. Tinapita kwa ososola nkhuku kumsika wa ziweto, tinafunsa za munthu wamtali wa njinga yabuluu. Amtali ndi ambiri, njinga zabuluu nazonso. Pa tsiku lachitatu mayi wina wowotcha nkhanga anati ameneyo ndi Noufou, amabwera m'tauni makola ake akadzaza basi, mwina pakatha milungu iwiri, mwina itatu. Anatipatsa nambala. Ndinaimba kasanu ndi kawiri, sinalowe. Wina anati foni anaigwetsera m'chitsime, wina anati anasintha nambala chifukwa cha apongozi. Onse anagwirizana chimodzi, kuti amazungulira misika ya kummwera, Sapone, Ipelse ndi timisika ta pakati, m'misewu yafumbi ya mizeremizere ija imene imagwedeza mano, nkhanga makumi anayi zili kumbuyo.

"Mizere imeneyo imamasula ngakhale nati yomanga bwino," anatero a Rasmane tikubwerera.

Dzulo, Lolemba, unali msika wa ku Sapone. Tinachedwa kunyamuka chifukwa ndinayenera kusiya mazira kwa ophika makeke, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu. Kumalo a nkhuku kunatsala nthenga ndi zingwe. Mkulu wina wosoka makola anatiuza kuti Noufou anabwera m'mawa, anagula nkhanga khumi ndi ziwiri, anachoka isanakwane teni koloko. Kumene analowera sanadziwe.

"Njinga yake ili bwanji?" anafunsa a Rasmane.

"Ikuyenda. Koma amadandaula kuti mahandulo akumuvinira. Amati akadzabwera ku Ouaga adzapita kwa mkulu wina wa pansi pa nimu, amene gudumu lake silinagwetsepo munthu."

A Rasmane anakhala pansi pomwepo, panthenga. Ine ndinawauza zimene ndinkaona ndekha. Masiku 23 apita ndipo munthuyo ali moyo, akuyenda, waliona vuto, ndiye kuti akuchepetsa liwiro. Timabawuti tiwiri ta pansi pa foloko tikugwirabe. Nkhanga khumi ndi ziwiri si katundu wolemera, ndipo makola asanadzaze sachoka m'dera lino. Msika wa Sapone umabwera pakatha masiku atatu, ndipo wosoka makola akuti sauphonya. Tinasiya uthenga kwa anthu anayi kuti akamuona amuuze asakwerenso njingayo mpaka titafika, ndinasiyanso nambala yanga papepala.

"Masiku atatu," anatero. "Makilomita angati pa tsiku?"

"Mwina sikisite."

"Ndiye 180."

"Wayenda kale oposa chikwi, madala."

"N'chimene chikundiopsa."

Pobwerera anandigwira mapewa ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pamiyendo ndi sipanala. Tili pakati pa njira anandiuza kuti ndiime, anatsika, anagwada n'kugwedeza gudumu langa. Silinalire. Anakweranso.

Foni yanga sinalire mpaka pano. Msika wa Sapone ndi Lachinayi, ndipo ku Koubri sindipita, ophika makeke ndawauza kale. Tinyamuka ikangotha swala ya m'mawa, ndi sipanala yaitali, ina yaing'ono ya timabawuti, sikelo, girisi ndi mabering'i awiri atsopano, mwina akale adyeka. Tikaima polowera ogula nkhuku msika usanayambe, ndipo sitichokapo mpaka njinga yabuluu itafika.